Zimene moto wa ku Cape Town unatenga, ndi zimene unalephera kutenga

Lamulungu la pa 18 April 2021 kunacha kotentha mumzinda wa Cape Town. Chilimwe cha kumeneko, chomwe chimabwera pamene kwathu kuno mvula ili pakati, chinali chikutsazika, ndipo tchire la m'mbali mwa phiri la Devil's Peak linali litauma gwa. Nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa, utsi unaoneka m'munsi mwa phirilo, chakufupi ndi msewu wa Philip Kgosana. Eni mzinda sanadzidzimuke kwenikweni, poti moto wa m'phiri amauona chaka ndi chaka monga mmene ife timaonera moto wa osaka mbewa m'mwezi wa September. Koma wa tsikuli mphepo inaukankha, ndipo unatsika phiri mothamanga. Unayamba ndi lesitilanti ya pa Rhodes Memorial, n'kulowa pasukulu ya ukachenjede ya University of Cape Town. Kenako unadumpha msewu waukulu wa M3 n'kukatentha Mostert's Mill, chigayo choyendera mphepo chomwe chinamangidwa mu 1796. Ophunzira pafupifupi 4,000 anawatulutsa m'nyumba zawo zogona, ambiri atangonyamula foni ndi zovala zimene anavala.

Dzuwa likupendeka, makala amene mphepo inkaulutsa anali atagwera pa denga la laibulale ya Jagger. Nyumbayi inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo inatchedwa dzina la J.W. Jagger, munthu wamalonda amene anathandiza sukuluyi ndi chuma chake. Kwa zaka zambiri ndiyo inali laibulale yaikulu ya pasukulupo, kenako inasanduka malo osungirako zinthu zosowa: mabuku akale, makalata, mapu, zithunzi, ndi zolembedwa za maphunziro a Africa zimene akatswiri ochokera m'maiko ambiri ankabwera kudzawerenga. Denga litagwa, chipinda chachikulu chowerengeramo chinasanduka ng'anjo, ndipo pofika madzulo munatsala makoma ndi nsanamira zokha.

Ngakhale pasukulu yonseyo panalibe wophunzira amene anafa, akatswiri a mbiri m'maiko ambiri analira ngati pagwa maliro. Kuti timvetse kulirako tiyenera kuona zimene zinali m'chipindacho.

Chimene chinapsa

Sukuluyi itawerengera, inalengeza kuti mabuku ndi zosindikizidwa zambiri za maphunziro a Africa, zomwe zonse pamodzi zinali pafupifupi 70,000, zapita. Mafilimu a ku Africa pafupifupi 3,500 amene anali pa ma DVD anasungunuka onse. Zinapsanso zina mwa zikalata zosindikizidwa ndi maboma a South Africa ndi maiko ena a kuno ku Africa, zija za malipoti a pachaka ndi za kalembera zomwe munthu sazipeza m'sitolo. Mabuku ena angathe kugulidwanso, kapena kupemphedwa kwa anzawo a ku malaibulale ena. Koma timabuku tating'ono tosindikizidwa kamodzi kokha ndi chipani kapena bungwe la apantchito lomwe linatha kalekale, tinatheratu.

Panalinso tsoka la mtundu wina. Zolembedwa pamanja zimene zinatulutsidwa m'zipinda zotetezedwa kuti zikonzedwe kapena kujambulidwa pa kompyuta, n'kusiyidwa m'chipinda chowerengeramo kudikira Lolemba, zinapsa limodzi. Motero pepala limene linkasamalidwa kwambiri sabata imeneyo ndi lomwe linali pamalo oopsa.

Koma chimene chinandikhudza ine koposa ndi china, chomwe nyuzipepala zambiri sizinachilabadire. Maofesi a osunga zolembawo analinso m'nyumba yomweyo, ndipo m'maofesimo munali makadi akale ofotokoza chilichonse chimene laibulaleyo inasunga, pamodzi ndi mafayilo a kayendetsedwe ka ntchito yawo. Mwachidule, kaundula wa nkhokwe anapsera m'nkhokwe momwemo. Tangoganizani: mwapulumutsa bokosi la makalata, koma pepala lonena kuti bokosilo linachokera kubanja liti, linabwera chaka chanji, ndipo mwini wake analola kuti liwerengedwe ndi yani, lasanduka phulusa. Bokosi lija lili ngati mwana wotola pamsika amene sadziwa mfunda wake.

Anthu a ntchito yosunga zolemba amasiyanitsa mapepala. Pa mulu wonse umene ofesi imaunjika, pali kagawo kakang'ono kamene kakapita, bungwe silingathe kutsegula chitseko m'mawa mwake: chikalata cha malo, chiphaso chimene bungwelo linalembetsera kuboma, mapangano ndi amene mumachita nawo malonda, kaundula wa malipiro ndi penshoni, mndandanda wa amene muli nawo ngongole ndi amene ali nanu ngongole, mapepala a inshuwalansi, maminitsi a zimene akuluakulu anagwirizana. Kwa sukulu ndi zotsatira za mayeso. Kwa chipatala ndi mafayilo a odwala. Kwa mpingo ndi buku la ubatizo ndi la maukwati. Mapepala otere sachuluka, nthawi zina amakwana m'katoni imodzi. Vuto n'lakuti mabungwe ambiri sanakhalepo pansi n'kuloza kuti katoni yathu ndi iyi, ndiye zofunikazo zimangosakanikirana ndi malisiti a shuga wa tiyi wa pamsonkhano.

Zitseko, kenako madzi

Nanga n'chifukwa chiyani zonse sizinapse? Yankho lake n'losasangalatsa kulimva, poti mulibe ngwazi yothamangira m'malawi. Moto usanabwere, m'nyumbayo munali mutaikidwa kale zitseko zachitsulo zotsika zokha zikamva moto. Pa 18 April zinatsikadi. Moto unalephera kuwolokera ku laibulale yaikulu yomwe inalumikizana ndi Jagger, ndipo sunatsikire ku zipinda zapansi panthaka komwe kunali zolembedwa pamanja zochuluka. Amene anasaina ndalama za zitseko zimenezo mwina anzake ankamuona ngati wowononga chuma.

Koma walira mvula walira matope. Madzi amene ozimitsa moto anathira anayenera kupita kwinakwake, ndipo madzi sadziwa njira ina koma yotsika. Anadzaza zipinda zapansi zija. Zimene zinapulumuka kumoto tsopano zinali m'chithaphwi ndi m'chinyezi.

Pepala lonyowa lili ndi masiku awiri kapena atatu okha chuku chisanayambe kumera. Chuku chikagwira, chimadya pepala, chimasiya madontho osachoka, ndipo chimasamukira ku mabokosi ouma. Masamba osalala a magazini amamatirirana n'kukhala ngati njerwa. Inki ina imayenderera. Ndiye mpikisano umene unayamba moto utazima unali wolimbana ndi nthawi, ndipo apa m'pamene mzinda wa Cape Town unaonetsa umunthu wake. Mkulu wa malaibulale a pasukulupo, Ujala Satgoor, ndi anzake anapempha thandizo, ndipo anthu oposa 2,000 anadzipereka. Munali ophunzira, aphunzitsi, opuma pantchito, ndi ena amene sanalowepo m'laibulaleyo chibadwire. Inali nthawi ya Covid-19, aliyense atavala chotseka pakamwa. Anaima mondondozana kuchokera pansi panthaka mpaka panja, n'kumapatsirana makireti apulasitiki monga timapatsirana njerwa pa chitukuko cha kumudzi. M'masiku 17 anatulutsa makireti pafupifupi 13,000.

Sankangotulutsa mwachisawawa ayi. Kireti iliyonse inkalembedwa pamene yachokera, chifukwa zolemba zikasokonekera dongosolo, theka la tanthauzo lake latayika. Panja anakhoma tenti yosankhiramo, ngati mmene achipatala amasankhira ovulala pangozi: ichi n'chouma, chipite kosungira, ichi chachita chinyezi, chiyanikidwe pamphepo, ichi chanyoweratu, chikulungidwe n'kupita mufiriji. Inde, mufiriji. Anabweretsa makontena oziziritsa, ofanana ndi onyamulira nyama ndi nsomba, n'kuikamo mabuku. Kuzizira koopsa sikuchiza pepala, koma kumaimitsa nthawi. Chuku sichimera, inki siyenderera, ndipo akatswiri amapeza mpata woumitsa buku limodzilimodzi mwadongosolo, ngakhale patapita miyezi. Nzeru zambiri za ntchito imeneyi dziko linaziphunzira mu November 1966, pamene mtsinje wa Arno unasefukira mumzinda wa Florence ku Italy n'kumiza mabuku osawerengeka m'matope.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife buku likanyowa timathamangira kukaliyanika padzuwa kapena kulisita. Dzuwa limapinda pepala n'kuliumitsa ngati chikumba, ndipo simbi imaphika inki. Ndi bwino kuliimika pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatseguka pang'ono, kapena kuika mapepala oyera pakati pa masamba n'kumawasintha.

Makope a ku Mowbray

Nkhani ya moto itamveka, funso loyamba limene akatswiri ambiri anafunsa linali la makope a Bleek ndi Lloyd. Kuyambira mu 1870, Wilhelm Bleek ndi mlamu wake Lucy Lloyd ankakhala ku Mowbray, pafupi ndi pomwe pali sukuluyi lero, ndi amuna a mtundu wa |Xam amene anali akaidi kundende ya Breakwater. Amunawa, monga //Kabbo ndi Dia!kwain, ankafotokoza nthano, mbiri ndi zikhulupiriro za kwawo, ndipo awiriwo ankalemba liwu ndi liwu. Anadzaza masamba oposa 12,000. Lero palibe amene amalankhula chi|Xam ngati chinenero cha makolo ake. Chilankhulo chonsecho chimakhala m'makope amenewa, ndipo mawu olembedwa pa chizindikiro cha dziko la South Africa ndi a m'chinenero chomwechi. Bungwe la UNESCO linaika makopewa m'kaundula wake wa chikumbumtima cha dziko lonse mu 1997.

Makopewo anapulumuka. Koma ngakhale akanapsa, mawu ake sakanafa, chifukwa zaka zambiri m'mbuyomo anali atajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti, ntchito imene Pippa Skotnes anatsogolera. Komanso zolemba za Bleek ndi Lloyd sizinali malo amodzi: zina zili ku National Library of South Africa, zina ku nyumba ya mbiri ya Iziko. Mayi wanzeru sasunga mbewu yonse m'chikwatu chimodzi.

Pasukulu yomweyo ya University of Cape Town, nyumba ya H.W. Pearson ya maphunziro a zomera inagwiranso moto, ndipo ofesi ya ofufuza za kasamalidwe ka zomera inapsa ndi zithunzi zakale zoonetsa mmene nthaka ndi tchire la South Africa zasinthira pa zaka zambiri. Zimene zinali zitajambulidwa kale pa kompyuta ndi zomwe zinatsala. Nkhokwe ya zomera zouma ya Bolus Herbarium, m'nyumba yomweyo, inapulumuka mwa mwayi.

Patangotha miyezi 8

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu ukanaganiza kuti moto wa Jagger utachitika, aliyense woyang'anira nyumba ya boma mumzindawo anapita kukayesa mabelu ndi mipope yake. Koma Lamulungu pa 2 January 2022, m'bandakucha, tsiku lotsatira maliro a Akibishopu Desmond Tutu omwe anachitikira pa tchalitchi cha St George's poponya mwala chabe, Nyumba ya Malamulo ya South Africa inayaka. Chipinda chimene aphungu a National Assembly amakumaniramo chinapseratu, ndipo mbali ya nyumba yakale inawonongeka kwambiri. Tsiku lotsatira moto unabukanso padenga. Mwezi wa February chaka chimenecho, pulezidenti Cyril Ramaphosa anakalankhulira mtundu wake mu holo ya mzinda m'malo mwa Nyumba ya Malamuloyo.

Apolisi anagwira Zandile Mafe pomuganizira kuti ndiye anayatsa motowo, yemwe pambuyo pake khoti linapeza kuti sangathe kuzengedwa mlandu chifukwa cha matenda a maganizo. Koma munthu mmodzi kuyatsa moto ndi nkhani ina, moto kumeza nyumba yonse ndi nkhani inanso. Lipoti la ozimitsa moto a mzinda wa Cape Town linati potsegulira madzi a mipope yozimitsa moto yokha panali potseka. Zizindikiro zinaonetsa kuti mipopeyo inakonzedwa komaliza mu 2017. Zitseko zimene zinayenera kutsekereza moto zinali zitakoledwa ndi timaloko kuti zizikhala zotsegula, mwina chifukwa zinkatopetsa anthu odutsa. Makamera analipo, koma munthu anayendayenda m'nyumbamo popanda womuletsa.

Ikani nyumba ziwirizi pamodzi. Ku Jagger zitseko zinatsika ndipo moto unaima. Ku Nyumba ya Malamulo zitseko zinaliponso, zogulidwa ndi ndalama za msonkho, koma wina anazimangirira. Zipangizo zimene palibe amaziyesa zimangonamiza eni nyumba kuti agone tulo.

Laibulale ya Nyumba ya Malamulo inapulumuka, chimodzimodzinso nsalu yaitali yopetedwa ya Keiskamma. Koma panabuka nkhawa ina. Nyuzipepala ya GroundUp inalemba kuti ntchito yojambula zikalata zakale za nyumbayo pa kompyuta, yomwe inachitika zaka zingapo m'mbuyomo ndipo inakhudza masamba mamiliyoni, inagwiridwa mwaulesi moti zithunzi zambiri zinali zolakwika kapena zosawerengeka. Apa pali phunziro lowawa kwa amene amati ife zonse tinaika kale pa kompyuta. Munatsegula n'kuona ngati zikuwerengeka? Kope limene simunaliyesepo musaliwerengere.

Kodi ife zikutikhudza bwanji

Wina anena kuti izi ndi za ku Joni, ife tili ndi mavuto athu a chimanga ndi mafuta. Koma mbiri ya Malawi siili m'Malawi mokha. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mumzinda womwewu wa Cape Town mu 1919, ndipo kumapeto kwa chaka chimenecho anatsogolera sitiraka ya ogwira ntchito padoko. Zambiri zimene timadziwa za iye zimachokera m'makalata, m'nyuzipepala ya bungwe lake ya Workers' Herald, ndi m'malipoti a apolisi amene ankamulondalonda, zomwe zasungidwa m'nyumba zosungira zolemba za ku South Africa. Nyumba yotere ikapsa, agogo athu amene anapita ku Wenela ndi ku madoko amapsera momwemo.

Chaka chomwecho cha 1919, kwathu kuno moto unatentha maofesi a likulu la boma la atsamunda ku Zomba, n'kuwononga mafayilo a kuyambira pamene ulamulirowo unakhazikitsidwa mu 1891. M'zaka zimenezo muli nkhani ya msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa malo a ku Thyolo ndi Mulanje, ndiponso kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amadalira kwambiri zolemba za amishoni ndi makope amene bwanamkubwa ankatumiza ku London. Atsamunda sankatumiza makopewo pofuna kutisungira ife mbiri, ankangopereka malipoti kwa mabwana awo. Koma chizolowezi chimenecho cholemba kawiri n'kutumiza kope kutali ndi chomwe chinapulumutsa zimene tili nazo. Chowawa chake n'chakuti Mmalawi wofuna kuwerenga mbiri ya kwawo ayenera kupeza chitupa ndi ndalama ya ndege.

Ndipo sitinaphunzire. Mu 2013 nyumba ya likulu la Escom ku Blantyre inapsa. Mu 2014 nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho ku Lilongwe inayaka, muli mabokosi a mavoti a dera la Lilongwe City South East amene khoti linali litalamula kuti awerengedwenso. Pa 18 December 2015, laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, kuphatikizapo zolembedwa zokhudza Malawi zimene zinasonkhanitsidwa kwa zaka zambiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi m'chigawo cha kummwera, ndipo opulumuka ambiri anafika m'misasa opanda chitupa cha unzika, opanda buku la kuchipatala, opanda satifiketi ya sukulu.

Tsono pali moto wina umene sufuka utsi. Mu February 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka ndipo akufuna dipo. Ku South Africa nakonso, mu July 2021 mbava zotere zinasokoneza makompyuta a Transnet moti madoko, kuphatikizapo la Cape Town, anabwerera ku pepala ndi cholembera. Mu September chaka chomwecho zinagwira unduna wa zachilungamo. Ndipo amene akukumbukira Cashgate ya 2013 akudziwa kuti mdani wa zolemba nthawi zina amakhala ndi kiyi wa ofesi: ndalama zinkatuluka, kenako wina n'kufufuta m'makompyuta umboni wa malipirowo. Ndiye funso la amene ali ndi mphamvu yofufuta ndi lofunika mofanana ndi funso la chozimitsira moto.

Kope la mlembi

Tibwerere ku Cape Town, koma tichoke pasukulu ija. Amalawi ambiri mumzindawu amagwira ntchito za m'minda ya maluwa, za m'nyumba, za m'malesitilanti ndi zomanga, ndipo ochuluka amakhala m'nyumba za malata ndi matabwa m'madera monga Imizamo Yethu ku Hout Bay, Masiphumelele ndi Dunoon. M'madera amenewa nyumba zimagundana, ndipo kandulo imodzi kapena chitofu cha palafini chikagwa usiku wa mphepo, moto umayenda msanga kuposa munthu. Mu March 2017 moto wa ku Imizamo Yethu unatentha nyumba zoposa 2,000 ndi kusiya anthu pafupifupi 10,000 pamtetete. Mu December 2020 wa ku Masiphumelele unatentha nyumba zoposa 1,000.

Mwini dziko chitupa chake chikapsa, amakaima pamzere ku ofesi ya boma lake. Mlendo pasipoti ikapsa, ofesi za dziko lake zili ku Pretoria ndi ku Johannesburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo pa ulendo wonsewo alibe chomuikira umboni akakumana ndi wapolisi.

Anthu athuwa ali ndi mabungwe awo. Ali ndi mipingo, magulu a chipereganyu, ndi magulu a maliro amene amasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya, thupi likwere galimoto kubwerera ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Mabungwe amenewa alibe chipinda chapansi kapena zitseko zachitsulo. Ali ndi kope limodzi lachikuto cholimba, lomwe limagona pansi pa matiresi a mlembi kapena a msungichuma. M'menemo ndi mmene muli dzina la amene anapereka, amene ali ndi ngongole, ndi amene analembetsa ana ake. Kopelo likapsa, chimatsatira ndi mkangano pa tsiku la maliro, mtembo uli kumotchale ndipo mtengo ukukwera tsiku ndi tsiku.

Izi ndinaziona ndi maso kwathu, ngakhale kuti kunalibe moto. Mbale wanga wina ankafuna kalata ya ubatizo kuti akadalitse ukwati. Titapita kumpingo wa kumudzi, akulu a mpingo anatsegula kabati ya m'chipinda chovalira, n'kutulutsa buku lomwe chiswe chinali chitalowa kuchokera kumsana. Zaka zingapo zinali dothi lokhalokha. Bambo wina wachikulire anati, "Ife mwanayu tikumudziwa, tinalipo tsiku limene ankabatizidwa." Anamulembera kalata pa umboni wa pakamwa. Bambo aja anamwalira chaka chotsatira, ndipo sindidziwa kuti amene anabwera pambuyo pathu anawathandiza ndani. Chiswe, njenjete, makoswe ndi denga lodontha zawononga mapepala ambiri m'dziko muno kuposa moto, kungoti sizituluka m'nyuzipepala.

Zosalira ndalama zambiri

Sindikunena kuti mpingo wa kumudzi ugule makontena oziziritsa. Zambiri zimene zinathandiza ku Cape Town zili ndi msinkhu wake woti aliyense angaufikire. Choyamba n'kusankha. Komiti ikhale pansi tsiku limodzi n'kufunsa kuti nyumba ino itapsa usiku uno, ndi mapepala ati amene tingalire nawo mawa. Alembedwe pa tsamba limodzi, ndipo tsambalo lisagone m'chipinda chomwecho ndi mapepalawo.

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo losavuta kukumbukira: makope atatu, pa zinthu ziwiri zosiyana, limodzi likhale kutali. Kwa gulu la maliro la ku Dunoon, ndiye kuti kope lenileni, zithunzi za masamba ake zojambulidwa pa foni msonkhano uliwonse ukatha, ndi zithunzi zomwezo zitatumizidwa pa imelo kapena pa WhatsApp kwa wapampando ndi kwa munthu wodalirika kumudzi. Foni yokha siikwanira, poti imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo kawirikawiri imagona m'nyumba yomweyo ndi kope. Kwa ofesi yaikulu, ndiye kuti kope limodzi la zimene zili m'makompyuta lizikhala losalumikizidwa ku intaneti, chifukwa mbava zikalowa zimatseka chilichonse chimene zachifikira. Ndipo kamodzi pa miyezi ingapo wina atsegule kope lija n'kuona ngati likugwira.

Za malo osungira, Jagger yatiphunzitsa kuti pansi pali madzi, pamwamba pali moto. Mabokosi asagone pa simenti kapena kutsamira khoma; akhale pa shelefu yokwera kuchoka pansi, kutali ndi mipope, mawaya a magetsi ndi zigubu za mafuta a jenereta, zomwe m'maofesi athu ambiri zimasungidwa m'chipinda chimodzi ndi mafayilo. Kabati yachitsulo wamba imaletsa makoswe koma siiletsa kutentha: mapepala amapsera mkati ngati mbatata. Ndipo pakhale pepala la maina ndi manambala a foni: ndani ali ndi makiyi, ndani aitanidwe usiku, katoni yoyamba kutuluka ndi iti. Ku Cape Town anthu 2,000 aja anathandiza chifukwa panali anthu ochepa odziwa chochita amene ankawauza poima.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Nyumba yosungira zolemba za dziko lathu ili ku Zomba kuyambira mu 1947, ndipo ndi kumene mafayilo a maunduna amayenera kukathera. Ku Cape Town inzake ili pa msewu wa Roeland, pamalo pamene kale panali ndende, ndipo imasunga zolemba za kampani ya Adatchi zoyambira m'zaka za m'ma 1650. Nyumba zotere sizibweretsa mavoti, n'chifukwa chake pa bajeti zimakhala kumchira. Aphungu athu akamakambirana ndalama za chaka chamawa, wina aimirire n'kufunsa kuti ku Zomba, ku ofesi ya za malo ndi ku makhoti zozimitsira moto zinayesedwa liti komaliza, ndipo kope lachiwiri la zikalata za malo likusungidwa kuti.

Ku University of Cape Town, chaka chitatha moto uja, anakonza chionetsero chotchedwa Of Smoke and Ash, momwe anaikamo mabuku opserera ndi zotsalira zina zimene zinatoledwa m'phulusa. Ntchito yopukuta, kuumitsa ndi kulembanso kaundula yatenga zaka, ndipo iyi ndi sukulu imene ili m'gulu la zolemera kwambiri mu Africa, yokhala ndi inshuwalansi ndi abwenzi m'maiko ambiri. Sukulu ya sekondale ya kwanu, chipatala cha kwanu ndi mpingo wanu zilibe zimenezo.

Inu a mlembi, inu a msungichuma, inu a mphunzitsi wamkulu: Lolemba likubwerali tsegulani kabati ija, tulutsani buku limene simungathe kulilembanso kuchokera m'mutu, mulijambule tsamba ndi tsamba, ndipo zithunzizo zikagone kunyumba ina.